PA KHONDE LA BANJA: Mfuti Yoseŵeretsa Yofanana ndi Yeniyeni



Nyengo ya okushoni ikafika, ndalama za fodya zimayamba kuyenda m'dera lathu lino la kwa Chisemphere ndi m'madera ena onse a boma la Kasungu. Mabelo akapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, amalonda nawo amadziŵa kuti nthaŵi yawo yakwana, ndipo misika ya m'mbali mwa mseu wa M1, kuyambira pa boma mpaka ku Nkhamenya ndi ku Jenda, imadzaza ndi katundu wa mitundumitundu. Pakati pa nsalu, mapoto ndi nsapato pamapezekanso zoseŵeretsa ana, ndipo zina mwa izo ndi mfuti za pulasitiki. Bambo amene wakhetsa thukuta chaka chonse, kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa, amafuna kuti mwana wake naye alaŵeko chipatso cha ntchitoyo, ndipo maganizo otere ngabwino. Koma mwezi uno tikambirane za mtundu umodzi wa mphatso umene ufunika kuulingalira bwino ndalama isanachoke m'thumba: mfuti yoseŵeretsa imene anaipanga mofanana ndithu ndi mfuti yeniyeni.

Kuseŵera nkhondo sikunayambe lero

Tiyambe ndi kuvomereza zoona. Ana aamuna akhala akuseŵera za ulenje ndi za nkhondo chiyambire kalekale. Ambiri mwa abambo amene mukuŵerenga tsamba lino munasemapo mfuti ya mtengo, kapena kupanga ya nsungwi yophulitsira timbeu ta kuthengo, ndipo munkathamangitsana kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuŵa kuloŵa. Lero ndinu alimi, aphunzitsi ndi amisiri odalirika, ndipo maseŵera aja sanakusandutseni achifwamba. Tsono tisanamize ana athu kuti aliyense wogwira kamfuti koseŵeretsa adzakhala mbava, pakuti mwana akazindikira kuti makolo akukokomeza nkhani, amaleka kumvera ngakhale malangizo oona.

Kusiyana kwake nkwakuti mfuti ya nsungwi sinkanyenga munthu. Aliyense woiona, ngakhale kuli chisisira, ankadziŵa kuti ndi nsungwi. Koma mfuti zina za masiku ano nzakuda bii, kukula kwake ndi maonekedwe ake nzofanana ndi za apolisi ndi asilikali, mwakuti munthu woima patali pang'ono sangathe kuzisiyanitsa. Vuto lagona pamenepo, pa zimene maso a anthu ena akuona.

Kumene maseŵeraŵa anachokera

Nkhani yake njodabwitsa, chifukwa mfuti zoterezi zinakulira m'dziko limene malamulo ake a mfuti ndi okhwima koposa. M'chaka cha 1958 dziko la Japan linakhazikitsa lamulo loletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti ndi malupanga, kupatula oŵerengeka okha opatsidwa chilolezo, monga alenje. Anthu okonda mfuti, posoŵa zenizeni, anayamba kugula zofanizira zoika m'nyumba. Zitachuluka, ndipo zitayamba kugwiritsidwa ntchito molakwika, boma linalamula mu 1971 kuti mfuti zazifupi zofanizira zopangidwa ndi chitsulo zizikhala zoyera kapena zachikasu, ndiponso kuti mpope wake uzikhala wotseka. Pambuyo pake amisiri anatulukira mfuti zoponya timipira ta pulasitiki ndi mphamvu ya mpweya, zimene zimatchedwa airsoft, ndipo m'zaka za m'ma 1980 achinyamata a kumeneko anayamba kupikisana m'magulu m'nkhalango ndi m'mabwalo. Mu 1991 kampani ya Tokyo Marui inatulutsa mfuti yoyendera mabatire, yotha kuponya timipira tambiri motsatizana, ndipo kuchokera apo maseŵeraŵa anafalikira ku maiko ambiri.

Mfuti zimenezi zilipo za mitundu itatu. Ina imakhala ndi sipuling'i imene munthu amakoka ndi dzanja, ina imagwiritsa ntchito mpweya wothiniridwa m'kabotolo, ndipo ina ili ndi kainjini kamagetsi. Zonse zimakankha kampira ka mamilimita 6, kolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a galamu. Kampirako nkopepuka, koma potuluka m'mfuti yamphamvu kamatha kuyenda mamita pafupifupi 100 pa sekondi imodzi. Pa mkono kamangosiya chotupa, koma kakagunda diso kangathe kuliononga kotheratu, ndipo kangathenso kuthyola dzino. Nchifukwa chake kumene maseŵeraŵa anakhazikika, oseŵera amachitira m'bwalo lotchingidwa, amavala magalasi olimba otchinga maso, amakhala ndi woyang'anira, ndipo ponyamula mfutizo pa mseu amazitsekera m'chikwama. Ku Japan komweko, mu 2006, boma linaikanso malire a mphamvu imene mfuti yotere iyenera kukhala nayo.

Zimene maiko ena anaphunzira

Akuluakulu anati, chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Tiyeni tione zimene anzathu anakumana nazo.

Ku America lamulo la mu 1988 linati mfuti zoseŵeretsa zizikhala ndi chizindikiro choŵala cha mtundu wa lalanje kumapeto kwa mpope. Koma chizindikirocho chimatha kuthyoka kapena kuchotsedwa. M'mwezi wa November 2014, mu mzinda wa Cleveland, mnyamata wa zaka 12 ankaseŵera pa bwalo ndi mfuti ya pulasitiki imene inalibe chizindikiro chija. Munthu wina anaimbira apolisi, ndipo apolisi atangofika anamuombera. Mwanayo anamwalira tsiku lotsatira.

Ku Britain lamulo la mu 2006 linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mfuti zofanizira zooneka ngati zenizeni, kupatula kwa anthu ena monga opanga mafilimu ndi oseŵera odziŵika m'mabwalo ovomerezeka. Munthu wamba amaloledwa kugula yokhayo yopakidwa utoto woŵala, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa kugula.

Ku South Africa, kumene ana athu ambiri a ku Kasungu ndi ku Mzimba amapita kukafuna ntchito, lamulo la mfuti la mu 2000 limati nkulakwa kuloza munthu popanda chifukwa chomveka, kaya ndi mfuti yeniyeni kaya ndi chinthu chilichonse chimene munthuyo angaganize kuti ndi mfuti. Wolakwa angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 10. Inu anyamata amene muli ku Joni kapena mukukonzekera ulendo, mau aŵa muwasunge.

Maiko onseŵa anafika pa mfundo imodzi: chinthu chikaoneka ngati mfuti, anthu amachitenga ngati mfuti.

Nanga kuno kwathu?

Dziko la Malaŵi lili ndi lamulo la mfuti limene linakhazikitsidwa mu 1967. Munthu saloledwa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso, ndipo nkhani za ziphasozi zimayendetsedwa ndi apolisi. Chifukwa cha ichi, Mmalaŵi wamba sanazoloŵere kuona mfuti m'manja mwa mnansi wake. Akaona mfuti kwa munthu wosavala yunifolomu, maganizo ake amathamangira kwa achifwamba, ndipo mantha akewo ali ndi mbiri yake.

Nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, inasiya mfuti zambiri m'manja mwa anthu, ndipo zina zinadutsa malire kuloŵa m'dziko muno. Mu December 1993 asilikali a Malaŵi analanda zida za gulu la Malaŵi Young Pioneers pa zimene zinatchedwa Operation Bwezani, ndipo ena a gululo anathaŵira ku Mozambique. M'zaka zotsatira umbava wa mfuti unakula, kotero kuti pa 14 August 2001 atsogoleri a maiko a SADC anasaina, mu mzinda wa Blantyre, pangano lothandizana kuchepetsa kufala kwa mfuti. Kuno ku Kasungu tili ndi nkhani yathunso ya opha nyama mozemba m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, amene ena mwa iwo amagwiritsa ntchito mfuti za gogodela. Lamulo la nyama za kuthengo linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ina chilango chake chimafika zaka 30. Njobvu 263 zitasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kudza ku Kasungu mu 2022, ntchito yolondera nkhalangoyi inakula. Mnyamata wopezeka m'mbali mwa nkhalango ndi chinthu chooneka ngati mfuti adzavutika kufotokoza kuti amangoseŵera.

Ngozi zitatu

Ngozi yoyamba ndi ya thupi, makamaka maso. Ana athu saseŵerera m'bwalo lotchingidwa, koma pabwalo pa nyumba pamene pali makanda, agogo ndi ziŵeto. Magalasi otchinga maso sagulitsidwa pamodzi ndi timfuti ta pa msika. Diso likavulala kuno kumudzi, chithandizo cha madokotala a maso chili kutali, ndipo ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Nkhoma umadya ndalama zoposa mtengo wa choseŵeretsa chija kambirimbiri. Ngakhale ndalamazo zitapezeka, si diso lililonse limene limabwerera.

Ngozi yachiŵiri ndi ya kuganiziridwa molakwika. Nyengo ya malonda a fodya ndi nyengonso ya mantha, pakuti mbava zimadziŵa kuti m'nyumba zina muli ndalama. Alonda a m'maesiteti, a chitetezo cha m'mudzi ndi apolisi amakhala tcheru. Taganizani mnyamata wa zaka 16, wamtali ngati bambo ake, akutulutsa mfuti yakuda madzulo pa sitolo kuti aseketse anzake. Mai wina akukuŵa kuti, "Wakuba!" Kodi khamu la anthu lidzayamba layeza kulemera kwa mfutiyo? Tonse tikudziŵa za mchitidwe woipa wolanga okha anthu oganiziridwa, umene wapha anthu m'maboma ambiri a dziko lino, ena mwa iwo osalakwa. Mchitidwewu ngoletsedwa ndipo tiyenera kuudzudzula, koma pamene tikuudzudzula tisapatse ana athu chinthu chowaika pakamwa pa ngozi. Wapolisi nayenso, pa mdima, ali ndi kamphindi kochepa kuti asankhe chochita, ndipo moyo wake naye amaukonda.

Ngozi yachitatu ndi ya mayesero. Nthaŵi ndi nthaŵi timamva apolisi akulengeza kuti agwira anthu amene ankaopseza anzawo ndi mfuti yoseŵeretsa kuti awalande katundu. Mnyamata amene wamaliza sukulu koma ntchito palibe, akuona anzake a kabaza ali ndi njinga zamoto, ogulitsa mayunitsi ndi otumiza ndalama pa foni ali ndi ndalama m'kabokosi, angathe kunyengedwa ndi anzake kuti, "Sitipweteka munthu, tingomuopseza chabe, si mfuti yeniyeni." Achinyamata, mvetsani bwino. Malamulo a milandu a dziko lino amati munthu amene waba, ndipo pa kubako waopseza kuti achita chiwawa, wapalamula mlandu wa uchifwamba, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Ngati anali ndi mnzake ngakhale mmodzi, kapena wamenya munthu, chilango chingafike pa kukhala m'ndende moyo wonse. Mfutiyo ikhale ya pulasitiki, koma mantha a wolandidwayo ngeniyeni, ndipo ndende nayonso njeniyeni. Amene sanakwane zaka 18 angathe kutumizidwa ku malo osungirako ana olakwa monga ku Mpemba kapena ku Chilwa, kutali ndi makolo ndi sukulu yawo.

Mau kwa makolo

Nkhanga zinapangana kusanapse. Nazi mfundo zoti bambo ndi mai agwirizane nyengo ya malonda isanafike.

Choyamba, ngati mwana wakakamira mfuti yoseŵeretsa, msankhireni imene aliyense angaizindikire patali: yofiira, yachikasu kapena yobiriŵira, yopopera madzi, yosafanana ndi ya msilikali. Yakuda yooneka ngati yeniyeni muisiye pa msika pomwepo, ngakhale itatsika mtengo.

Chachiŵiri, mfuti iliyonse yoponya timipira si ya mwana wamng'ono. Funsani wogulitsa akuonetseni mmene imagwirira ntchito musanalipire.

Chachitatu, musalole mwana kupaka utoto wakuda kapena kukulunga tepi yakuda pa mfuti yoŵala, kapena kuthyola kachizindikiro ka kumapeto. Ana amachita zimenezi pofuna kuti ifanane ndi za m'mafilimu amene amaonera m'nyumba za kanema, osadziŵa kuti akuchotsa chowateteza.

Chachinai, ikani malamulo omveka: saloza munthu kumaso, saloza mlendo kapena wodutsa, satuluka nayo usiku, sapita nayo ku sukulu, ku msika kapena m'basi. Mufotokozereni mwanayo chifukwa chake, pakuti lamulo lopanda chifukwa limasungidwa pokhapokha bambo ali pakhomo.

Chachisanu, lankhulani ndi abale amene ali kunja. Amalume a ku Joni akamafunsa chimene angatumize pa Khirisimasi, auzeni mosabisa kuti mpira, nsapato za sukulu, nyale ya dzuŵa yoŵerengera usiku kapena njinga nzabwino koposa. Katundu wooneka ngati mfuti angathenso kuvutitsa woyendetsa galimoto pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndi pa malo ofufuzira apolisi m'njira.

Chachisanu ndi chimodzi, mukapeza mfuti m'chikwama cha mwana wanu wamkulu, kapena ana akatola chinthu chotere kuthengo, musaganize msanga kuti nchoseŵeretsa. Monga yabodza imafanana ndi yeniyeni, yeniyeninso imafanana ndi yabodza, ndipo mwana wozoloŵera ya pulasitiki angathe kutola yeniyeni naloza mng'ono wake. Phunzitsani ana kuti akaona mfuti asaikhudze, achokepo, akauze wamkulu, ndipo wamkuluyo adziŵitse amfumu ndi apolisi.

Pomaliza, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona mwana wa mnansi akuopseza anzake ndi mfuti yotere, pitani mukalankhule ndi makolo ake mwaulemu tsiku lomwelo.

Mau kwa achinyamata

Tikudziŵa kuti ena mwa inu mwaona maseŵera a airsoft pa foni ndipo mtima ukukhumba. Palibe choipa pa kukonda kupikisana, kuthamanga, kubisala ndi kuchenjerera gulu lina. Ndipotu maseŵeraŵa ali ndi khalidwe limodzi lotamandika: popeza kampirako sikasiya utoto pa chovala, wogundidwa amayenera kukweza dzanja yekha ndi kuvomera kuti watuluka, ngakhale palibe wamuona. Maseŵera onsewo amaima pa kukhulupirika kwa oseŵera. Koma zindikirani kuti zimene mukuona pa fonizo zikuchitika m'bwalo lovomerezeka, pakati pa anthu amene onse agwirizana ndipo atchinga maso awo. Kutengera mfutiyo yokha, nkusiya bwalo, magalasi ndi malamulo ake, nkutola ngozi ndi kusiya maseŵera.

Safunsa anadya phula. Musanaitanitse chinthu chotere kuchokera kunja kapena kugula kwa mnzanu, pitani ku polisi mukafunse, ndipo muuzenso makolo anu. Musadzijambule mutagwira mfuti yotere nkuika chithunzicho pa Facebook kapena pa WhatsApp. Chithunzi sichinena kuti mfutiyo nja pulasitiki, ndipo tsiku limene kudzachitike umbava m'dera lanu, anthu adzachikumbukira. Ngati mumakondadi za mfuti ndi za usilikali, njira yolemekezeka ilipo: limbikirani sukulu, sungani mbiri yanu yoyera, ndipo mudzayese mwai ku Malaŵi Defence Force, ku polisi kapena ku ntchito yolondera nkhalango. Kumeneko adzayamba kukuphunzitsani mwambo ndi kudziletsa asanakupatseni chida. Koma dziŵani kuti mbiri ya mlandu imatseka makomo ameneŵa.

Phunziro la anansi athu

Anzathu a ku Mozambique amadziŵa mtengo wa mfuti kuposa ife. Nkhondo itatha, mu 1995, bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi zipangizo za ntchito. Munthu ankabweretsa mfuti imene anaikwirira, nalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri ena anapanga nazo zosema, monga mpando wopangidwa ndi zidutswa za mfuti umene uli ku British Museum mu mzinda wa London. Anthu amene anaona nkhondo ndi maso awo anasankha njinga ndi khasu.

Nafenso m'mabanja mwathu tingathe kuchita chimodzimodzi pa zazing'ono. Ngati m'nyumba muli kale mfuti yakuda ija, musailande mwaukali ndi kukwapula mwana, pakuti adzangobwereka ya mnzake mobisa. Khalani naye pansi madzulo ano, mumuuze za mnyamata wa ku Cleveland, za diso la mlongo wake, ndi za mantha a anthu m'nyengo ya fodya. Kenaka mugwirizane kusinthana: iye apereke mfutiyo, inu mumpatse mpira, nkhuku yoti aziŵeta, kapena waya ndi pulayala kuti apange galimoto ndi manja ake. Mukatero muithyole pamodzi, kuti isapite kwa mwana wa munthu wina. M'mera mpoyamba.